MAU A MUMTIMA MWA OKONKWO NDI A YANI?

Pamsonkhano wathu wapitawu mnzathu wina adati Okonkwo wa m'buku la Chinua Achebe, Things Fall Apart (1958), ndi munthu wosaganiza: amenya, apha, adzimangirira, basi. Ambiri tidavomera. Ine nditabwerera kuchipinda ndidaliwerenganso bukulo, ndipo tsopano ndifuna kutsutsa. Okonkwo amadziyankhulira kawirikawiri. Tsoka lake nlakuti mau amene amadziyankhulira nawo adachita kubwereka.

Tiyambe ndi imfa ya Ikemefuna. Mnyamatayu adakhala pakhomo pa Okonkwo zaka zitatu, namamutcha bambo. Nkhalamba Ezeudu idachenjeza Okonkwo kuti asaikepo dzanja, koma iye adamtema ndi chikwanje poopa kuti anzake angamuyese wofooka. Masiku awiri otsatira sadadye kanthu, ankangomwa uchema, tulo osabwera. Apa mpamene Achebe akutilowetsa mumtima mwake. Ndipo tikumvamo chiyani? Sakudzifunsa ngati walakwa. Akudzikalipira kuti wasanduka nkhalamba yaikazi yonjenjemera, iye amene adapha anthu asanu kunkhondo. Chisoni chilipo, thupi lake likuchitira umboni, koma dzina lokhalo limene akutha kuchipatsa ndi ukazi.

Kodi mau amenewa adawatola kuti? Achebe adatiuza kale kumayambiriro. Okonkwo ali mwana, mnzake wosewera naye adamuuza kuti bambo wake Unoka ndi agbala, liu la Chiigbo lotanthauza mkazi, komanso mwamuna wopanda ulemu wa udindo m'mudzi. Chitonzo cha kumasewera chija ndicho chidakhazikika m'kati. Motero bambo wa akazi atatu, wa nkhokwe zodzaza zilazi, akudziweruza ndi pakamwa pa kamwana.

Katswiri wa za maganizo wa ku Russia, Lev Vygotsky, m'buku lake la 1934 adafotokoza kuti kuyankhula kwa mumtima kumayamba ngati kuyankhulana ndi anthu. Mwana amamva akulu akumlangiza, kenaka amadzilangiza mokweza akamasewera, ndipo pofika zaka ngati 7 mauwo amamira m'kati. Sindikuti Achebe ankatsata Vygotsky, koma onse awiri adaona chinthu chimodzi, chimene nafenso timachidziwa: munthu akati mtima wandiuza, kawirikawiri mtimawo umayankhula ngati agogo ake kapena nankungwi wake.

Wina anganene kuti ngati nchoncho, ndiye kuti wolakwa ndi mudzi wa Umuofia, Okonkwo alibe mlandu. Ndikukana, ndipo mboni yanga ndi Obierika. Iye adakulira m'mudzi womwewo, adamva miyambo yomweyo. Okonkwo atapha mwana wa Ezeudu mwangozi nkuthawira ku Mbanta zaka zisanu ndi ziwiri, Obierika adathandiza nawo kugwetsa nyumba za mnzakeyo monga mwa lamulo. Koma atatha adakhala pansi nkudzifunsa chifukwa chimene munthu avutikira chotero pa cholakwa chosafuna, nakumbukiranso ana ake amapasa amene adawataya. Yankho sadalipeze. Komabe mumtima mwake muli mau awiri okangana, a mwambo ndi a chifundo, pamene mwa Okonkwo liu limodzi lidathamangitsa ena onse. Taonani ku Mbanta, Nwoye atalowa Chikhristu: Okonkwo akuyang'ana moto, ganizo lakuti mwanayo wafanana ndi agogo ake Unoka likumfikira, iye nkulikankhira kutali msangamsanga. Kali kokha nkanyama, adatero akale. Ndiona kuti mwambiwu umagwiranso m'kati mwa munthu.

Malo amene amandikhudza koposa ndi ulendo wotsiriza wa Ikemefuna. Atasenza mphika wa uchema, akuyimba kanyimbo mumtima, nkumayenda motsata kanyimboko kuti aone phazi limene kathere, potero adziwe ngati mai ake ali moyo. Achebe sakungotiuza kuti mwanayo ali ndi nkhawa. Akutimvetsa masewera a ubwana amene mwanayo akudzitonthoza nawo.

Pali pamene sindikhutira. Ekwefi timamumva akulumbira mumtima pakhomo pa phanga kuti Ezinma akangolira alowa kukamteteza, koma mai ake a Nwoye, amene adalera Ikemefuna zaka zonsezo, sitipatsidwa ndi dzina lawo lomwe. Buku lonena za mwamuna woopa ukazi likadalemera likadatimvetsa zimene mai ameneyu ankadziuza.

Tsono nditembenukire kwa ife tomwe. M'nthano zambiri zimene timawerengerana, zanga zomwe, munthu akayamba kuganiza amalalikira: ziganizo zathunthu, zosalala, zothera pa phunziro, ngati akuwerenga chimangirizo pamaso pa mphunzitsi. Palibe amene amadziyankhulira chotero. Mau a mumtima ngoduka-duka, ndipo ali ndi eni ake. Tisanalembe kuti "adaganiza mumtima mwake", tidzifunse: kodi munthuyu akudzitcha dzina lanji, ndipo adayamba kumtcha dzinalo ndani? Amalume? Mphunzitsi wa Sitandade 3? Mtsikana amene adamkana? Tikalephera kuyankha, ndiye kuti munthuyo sitinamdziwe, ndipo awerengi sadzamdziwanso.

Mnzanga uja ndikumdikira pamsonkhano ukudzawu. Adzabwere ndi bukulo m'manja.