Gule Wamkulu Savinidwa pa Simenti

Chilimwe chikafika ku Malingunde, chimanga chili m'nkhokwe, minda yonse kuchokera ku Mitundu mpaka kuphiri la Bunda imangoti mbee. Zobiriwira zimene zimatsala ndi timagulu ta mitengo tili apo ndi apo, ndipo munthu wa kuno safunsa kuti n'chiyani. Ndi manda. Zigafa za fodya ndi makala zinadya mitengo ya m'chigwa chino, mpaka nkhalango ya Dzalanyama ikuperepeseka, koma nkhwangwa imaopabe kumanda chifukwa kumeneko n'kudambwe, kochokera gule wamkulu.

Anthu ambiri poweruza gule amayang'ana chilombo chokha: nthenga, nsanza, nkhope yofiira ya Simoni, kutalika kwa Makanja. Ine ndimati luso limayambira pa mtunda wa pakati pa dambwe ndi bwalo. Kapoli amamveka asanaoneke. Mawu ake aang'ono aja akamachokera kuliunde, amayi amayamba kupolokezana nyimbo, ana amabisala kuseri kwa zitenje, ndipo podzafika iye pabwalo mitima imakhala itakwera kale. Kang'wingwi, thupi lonse matope, amaopsa chifukwa cha liwiro, tsono popanda kothamangira sangaopse ngakhale mwana.

Kasiyamaliro ndiye amaonetsa bwino kuti guleyu ndi wa nthaka ino. Thupi lake ndi makoko a chimanga cha m'minda yomweyi, olukidwa mothithikana, ndipo n'chifukwa chake nyengo yake yeniyeni ndi ya pambuyo pokolola, nthawi ya mpalo ndi ziliza. Woluka waluso amadziwika chilombo chikamazungulira: msana sugwa, makoko sathothoka, mchira ukutsatira bwinobwino. Za mmene zimakhalira kudambweko ndizisiye, ndi za ometa.

Koma mwini bwalo ndi woyimba mbalule. Mpanje ndi gunda zimagwira njira imodzi osasintha, pomwe mbalule imatsata mapazi a chilombo. Woyimbayo sayang'ana ng'oma yake. Maso ali pa miyendo ya gule, ndipo gule akati apalase, ng'oma imakhala italankhula kale pa phazi lomwelo. Akachedwa pang'ono chabe, chilombo chimaima, n'kumutembenukira, bwalo lonse n'kudziwa yemwe walakwa. Ng'omayo payokha imafuna chisamaliro: kuiwamba pamoto wa mapesi kuti chikopa chikungike, kumata phula pakati kuti mawu alemere. Mbalule yozizira imagwetsa ulesi ngakhale Chadzunda.

Ndiye pali fumbi. Gule wodziwa kuvina amatifula dothi mpaka miyendo yake kusowa m'fumbi, n'kutulukamo mwadzidzidzi ali mbali ina. Pamenepo m'pomwe nthungululu zimagwa. Bwalo la m'mudzi, louma, losesedwa ndi amayi m'mawa, linapangidwira zimenezi.

Kuyambira nthawi ya Kamuzu Banda gule wakhala akutengedwa pa lole kupita kumisonkhano, ndipo bungwe la UNESCO litamulemekeza mu 2005 oitana anachuluka. Sindidandaula kuti gule akuyenda. Ku Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, komwe Achewa a m'maiko atatu amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi mu Ogasiti, magule a midzi yosiyana amaonerana, ndipo luso limakula. Sindidandaulanso ndi matumba a feteleza amene alowa m'malo mwa luzi, poti gule wakhala akutola zimene zili m'mudzi kuyambira kale, n'chifukwa chake tili ndi Maliya, tili ndi galimoto. Chondiwawa ndi gule wopatsidwa mphindi zisanu pa simenti, woyendetsa mwambo akukuwa pa chimkuzamawu kuti nthawi yatha, chilombo chikuvinira thumba la wosupa m'malo momvera mbalule. Zigoba zosungidwa ku Chamare Museum ku Mua, ntchito ya Bambo Claude Boucher, n'zabwinoko, chifukwa izo sizinamizira kuti zikuvina.

Vuto lina likubwera mwakachetechete ndi malonda a malo. Pa Nathenje, m'mbali mwa msewu wa M1, ndi pa Mitundu pomwe, nyumba zamalata zikusendera kufupi ndi manda. Mfumu ya mzinda ikagawa puloti pakati pa dambwe ndi bwalo, Kapoli azitulukira kuseri kwa bafa la munthu, ana atamuona kale.