Ciswe Cinayamba Kuwerenga Mabuku Anga

Mwezi watha ndinasolola katoni ya mabuku imene inakhala pansi pa bedi kuyambira pamene ndinatsiriza maphunziro a ku koleji. Nditaitsegula ndinapeza kuti ciswe cinalowamo kale, ndipo mabuku atatu a pansi anasanduka dothi. Ndinakhala pansi ndi kuwerenga mabuku onse a Cikristu amene ndiri nao. Ndikunena kuwerenga kwa 1, 2, 3, pakuti ndiko kuwerenga kokha kumene ambiri a iwo analandirapo kwa ine. Onse pamodzi anakwana 41. Amene ndinawatsiriza kufikira tsamba lomaliza anali 11 cabe.

Acinyamata anzanga, ndidziwa kuti sindiri ndekha. Pa msonkhano uliwonse waukulu pamakhala thebulo la mabuku pakhomo. Mukayenda mu Cairo Road ku Lusaka mupeza ena atawayala pansi. Timaona cikuto conyezimira, nkhope ya mlaliki amene tinamuona pa TV, mutu wolonjeza madalitso a msanga, basi dzanja lalowa kale m'thumba. Pobwerera kunyumba timamva ngati takula mu uzimu, cikhalirenico tangocepetsa ndalama ya ndiwo.

Pakati pa mabuku amene anapulumuka ciswe panali kabuku kamene malume anga anandipatsa, kochedwa 88 Reasons Why the Rapture Will Be in 1988. Wolemba wake, Edgar Whisenant wa ku America, anali atagwirapo nchito ya uinjiniya ku NASA, ndipo anawerengera kuti Ambuye adzatenga mpingo wao pakati pa 11 ndi 13 September 1988. Anthu anakagula kwambiri. Masikuwo atapita, iye analemba kena konena za 1989. Kabukuka ndakasunga dala, cifukwa kamandikumbutsa kuti buku lingachule mavesi pa tsamba lirilonse koma nkukhala lopanda pake pakangopita miyezi yocepa.

Limene ndifuna kulipenda kwambiri ndi lina limene ambiri a ife tiri nalo, The Prayer of Jabez la Bruce Wilkinson, limene linatuluka mu 2000. Ine ndinaligula ndi ndalama zanga, ndinaliwerenga usiku umodzi, ndipo ndinalikonda. Ubwino wake ulipo. Ndi lalifupi, Cingerezi cake ndi cosavuta, ndipo limalimbikitsa munthu wamanyazi kupempha kwa Mulungu mopanda mantha. Koma buku lonselo laima pa mavesi awiri okha, 1 Mbiri 4:9-10, pamene munthu wochedwa Yabezi achulidwa pakati pa mndandanda wa maina a mbumba ya Yuda. Wolembayo alangiza owerenga kubwereza pemphero la Yabezi tsiku ndi tsiku kwa masiku 30. Apa mpamene ndikaikira. Malembo angotiuza kuti munthu uyu anapemphera ndipo anayankhidwa, sanatilamule kuti tisandutse mau ake kukhala mankhwala omwa m'mawa uliwonse. Nanga mlongo amene wapemphera masiku 30 koma nchito sanaipeze, ndipo amai ake akali m'cipatala, bukuli limuuza ciani? Pamenepo liri ndi mau ocepa kwambiri. Mlongoyo atsala ndi maganizo akuti colakwa ciri mwa iye.

Limodzi mwa mabuku amene ciswe cinadya linali Pilgrim's Progress la John Bunyan, ndipo ndinali ndisanalitsegulepo. Manyazi anandigwira, ndinakabwereka lina kwa abusa. Bunyan anali wokonza mapoto, wosaphunzira kwambiri, amene anakhala m'ndende ku Bedford zaka 12 cifukwa colalikira popanda cilolezo ca boma. Buku lake linatuluka mu 1678, ndipo lamasuliridwa m'zinenero zambiri za mu Africa. Sindinama, malo ena ndi otopetsa. Anthu ake akayamba kukambirana za ciphunzitso amatha masamba angapo osapuma, ndipo mmene anenera za Akatolika muonekeratu udani wa masiku ake, umene sitiyenera kuutengera. Koma taonani zimene zicitikira mlendo wake. Amira m'thope la kutaya mtima atangoyamba ulendo. Mnzake wokhulupirika aphedwa pa msika wa zacabe. Iye mwini atsekeredwa m'linga la cimphona cimene cimuuza kuti adziphe, kufikira akumbukira kuti mfungulo ya malonjezano anali nayo pa cifuwa nthawi yonseyi. Munthu amene analemba zimenezi anadziwa kuti Mkristu angapemphere bwino nkukhalabe m'ndende. Mlongo uja ndingampatse buku iri popanda mantha.

Cimene candipweteka ndi cakuti buku lotere linagona zaka pansi pa bedi langa pamene ine ndinali kuthamangira atsopano. Mu 1944 C.S. Lewis analemba mau oyamba a buku lakale la Athanasius, bishopu wa ku Alexandria ku Egypt, ndipo analangiza kuti munthu akawerenga buku latsopano asatenge lina latsopano asanawerenge lakale. Cifukwa cake nca nzeru: olemba a nthawi imodzi amalakwa mofanana, motero sangakonzane okhaokha.

Sindikunena kuti catsopano ciriconse ncoipa. Abusa Conrad Mbewe a ku Kabwata Baptist ku Lusaka anatulutsa God's Design for the Church mu 2020, lolembera atsogoleri a mipingo ya mu Africa, ndipo nkhani zake nza pakhomo pathu. Koma ngakhale limeneli sindiligula tsopano. Ndadziikira lamulo lakuti sindigula buku lina kufikira nditatsiriza asanu mwa amene ndiri nao. Nthawiyo ikadzafika, ndidzayamba ndaima pa thebulo ndi kuwerenga mutu umodzi wa pakati, osati cikuto. Ndidzatenga mavesi awiri kapena atatu amene wolembayo wachula ndi kuwaona m'Buku Lopatulika pamodzi ndi mavesi owazinga, monga anacitira a ku Bereya pa Macitidwe 17. Ndidzafunsanso ngati pali wina mu mpingo amene ali nalo kale.

Za kubwerekana, takambirana ndi abusa ndipo atilola kuika kabati m'cipinda ca kumbuyo kwa chalichi. Aliyense wa gulu lathu abweretse mabuku awiri amene sanawawerenge, alembetse dzina lake m'kope, ndipo atenge limodzi la mnzake kwa milungu itatu. Pobweza adzaima mphindi zisanu kutiuza cimene wapezamo, ndi pamene sanagwirizane ndi wolembayo. Miyendo ya kabatiyo tidzaiika m'zitini za oilo yakutha cifukwa ca ciswe. Magulu a ku mipingo ina amene ayesa zotere atilembere, timve mmene zikuyendera.