Anaphikira Mbewa Chakudya cha Kumudzi

Mapasa amayamwa mayi mmodzi, amagona pamphasa imodzi, ndipo phala lawo limachokera mumphika umodzi. Ndiye zimatheka bwanji kuti mmodzi atupe mapazi, tsitsi lifiire n'kuyamba kuthothoka, khungu lisupuke, pamene mnzake akukwawa pabwalo ali gwa? Kusikelo, mlangizi wa zaumoyo amadinikiza chala chachikulu pamwamba pa phazi la mwana n'kuwerenga mpaka katatu. Akachotsa chala pakatsala kadzenje, amadziwa kuti ndi matenda otupikana aja, amene madokotala amati kwashiorkor. Kunyumba agogo amanong'ona za tsempho. Mabuku akale achipatala ankati vuto ndi kuperewera kwa zakudya zomanga thupi. Komatu mphika uja ndi umodzi.

Funso limeneli analinyamula Jeffrey Gordon wa ku Washington University mumzinda wa St. Louis ku America, pamodzi ndi Mark Manary, dokotala wa ana amene wakhala zaka zambiri akugwira ntchito ya chiponde m'Malawi, komanso anzawo a ku College of Medicine ku Blantyre. Zotsatira zinatuluka mu 2013 m'magazini ya Science. Ine ndikaganiza za ntchitoyi, chimene chimandigwira mtima ndi kasemedwe ka funsolo. Analisadza mbali zonse ngati mmisiri wosema mpini, mpaka panatsala chinthu chimodzi chokha choti ayese: tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'matumbo mwa mwana.

Anayamba ndi mapasa a mabanja 317 a m'midzi ya kummwera kwa Malawi, n'kumawatsata m'zaka zitatu zoyambirira za moyo wawo. Theka la mabanjawo ana onse awiri anakula bwino. Pa mabanja 100 alionse, 7 ana onse awiri anadwala matenda a kuperewera kwa zakudya m'thupi, pamene 43 anadwala mmodzi yekha. Ngakhale mapasa ofanana ndendende aja, ochokera ku dzira limodzi, ankasiyana chonchi. Pamenepa za kumtundu zinayamba kuchepa mphamvu, za mphika nazonso.

Mwana mmodzi akadwala otupikana, chiponde ankapatsa onse awiri. Kanthu kameneka ndimakalemekeza kwambiri. Palibe mayi amene angamyambititse mwana mmodzi paketi ya chiponde wina akuyang'ana, ndipo ofufuzawo sanamupemphe kutero. Chifundo chomwecho chinathandizanso kafukufuku, chifukwa anatha kuona mmene chakudya chimodzi chikusinthira matumbo awiri osiyana.

Chimene ankatolera ndi chimbudzi cha ana. Ntchito yosasiririka, koma yofuna dzanja lachangu, poti mabakiteriya ambiri a m'matumbo amafa akakhudzana ndi mpweya, choncho chimbudzicho chimayenera kuumitsidwa mozizira kwambiri msangamsanga kuti chikafike ku labotale chili mmene chinatulukira. Kumeneko anawerenga DNA ya tizilomboto. Anapeza kuti mwa mwana wathanzi, mudzi wa tizilombo umakhwima pamene iye akukula, umaphunzira ntchito zatsopano zogaya zakudya. Mwa mwana wodwala mudziwo unali wotsalira. Chiponde chinkaukankhira patsogolo, koma chikatha unkabwereranso m'mbuyo.

Wofufuza waulesi akanaimira pomwepa n'kulengeza kuti wapeza gwero. Iwo anaona kuti padakali mfundo yosamasuka: kodi tizilombo tasokonekera chifukwa mwana wadwala, kapena mwana wadwala chifukwa tizilombo tasokonekera? Zimenezi sungayesere pa mwana. Apa ndi pamene panalowa mbewa.

Mbewa zake ndi zamtundu wina, zobadwira ndi kukulira m'matenti apulasitiki otsekeka kotheratu. Mpweya umalowa utasefedwa. Madzi, chakudya ndi utuchi wogonapo zonse zimayamba zaphedwa tizilombo. Wozisamalira sazikhudza ndi khungu lake. Amalowetsa manja m'magolovesi ataliatali omatiriridwa kukhoma la tentilo, n'kumagwira ntchito ali kunja. Kabowo kamodzi kochepa ngati kobaya singano kakhoza kuwononga ntchito ya miyezi. Mbewa yotere m'matumbo mwake mulibe bakiteriya ngakhale mmodzi, ili ngati munda wongolimidwa kumene umene sunagwepo mbewu. Chimene ubzalemo ndicho chimere.

Anatenga chimbudzi cha mapasa a mabanja atatu, n'kubzala tizilombo ta mwana wodwala m'mbewa zina, ta mwana wathanzi m'mbewa zina. Kenaka anachita chinthu chimene ine ndimachiona kuti ndiye mtima wa luso lonseli. Mbewa za mulabotale zili ndi chakudya chake chogula, chokhala ndi zonse zofunika m'thupi. Akanazipatsa chimenecho, bwenzi vuto litabisala. M'malo mwake anaziphikira zimene mwana wa kumudzi amadya: ufa wa chimanga, mpiru, anyezi, tomato. Taganizani, munthu ali ku St. Louis, wavala chovala choyera, akuyeza ufa ndi masamba pasikelo kuti mbale ya mbewa ifanane ndi mbale ya mwana wa kwathu kuno. Anamvetsa kuti tizilombo timadya chimene mwini thupi wadya, ndipo sungatiweruze tili pa chakudya cha eni.

Pa mabanja awiri mwa atatuwo, mbewa zimene zinalandira tizilombo ta mwana wodwala n'kumadya chakudya cha kumudzicho zinaonda kwambiri. Zinzake za tizilombo ta mwana wathanzi, pa chakudya chomwecho, sizinaonde motero. Atazipatsa chiponde, zoonda zija zinayamba kubwerera m'thupi. Matenda anaonekera pamene ziwiri zakumana, chakudya choperewera ndi tizilombo tosokonekera. Nkhani ya mphika umodzi ija inapeza poyambira kumasuka.

Kuchokera apo ntchito inasamukira kwambiri ku Bangladesh, komwe Gordon anagwirizana ndi Tahmeed Ahmed wa ku bungwe la icddr,b mumzinda wa Dhaka. Funso linatembenuka: ngati tizilombo tabwino tikutsalira, tingatidyetse chiyani kuti tikule? Anayesa zakudya za pamsika wa komweko chimodzichimodzi, poyamba pa mbewa zija, kenaka pa tiana ta nkhumba tokulira m'matenti momwemo, asanafike kwa ana. Zinapambana ndi zinayi: ufa wa tchana, ufa wa soya, ufa wa mtedza ndi nthochi yosapsa. Anazisakaniza n'kuzitcha MDCF-2.

Mu 2021 magazini ya New England Journal of Medicine inafalitsa zotsatira za ana 123 a miyezi 12 mpaka 18 a kudera la Mirpur, onyentchera pang'ono, amene anadyetsedwa kawiri patsiku kwa miyezi itatu. Ena analandira MDCF-2, ena chakudya chowonjezera cha masiku onse. Cha masiku onsecho chinali ndi mphamvu zambiri pa supuni iliyonse, komabe amene ananenepa mofulumira molingana ndi msinkhu wawo anali a MDCF-2. Aliyense amene anazolowera kuwerengera chakudya cha mwana ndi mphamvu zokha ayenera kuima kaye pamenepa.

Sanalekere pomwepo. Anabwereranso ku chimbudzi cha anawo kukafufuza kuti wagwira ntchitoyo ndani, ndipo mu 2023 analoza mitundu ina ya bakiteriya wotchedwa Prevotella copri, yokhala ndi zida zoswera ulusi wa m'zakudyazi umene matumbo a munthu paokha sangaugaye. Ana amene bakiteriyayu anachuluka mwa iwo ndiwo ankakula bwino. Mayi wa ku Mirpur akamamwetsa mwana wake supuni ya phala lija, gawo lina limalowa m'magazi a mwanayo, gawo lina limadutsa losagayika mpaka m'matumbo aakulu, komwe Prevotella akulidikira.