Chikwama Chomasuka: Mmisiri Amadziwikira Polumikizira

Amene anaonera filimu ya Ghostbusters ya 1984 sangaiwale makina akuda aja amene Bill Murray, Dan Aykroyd, Harold Ramis ndi Ernie Hudson ankabereka kumsana posaka mizukwa mumzinda wa New York. Kumunsi kwake kunali chinthu chozungulira cha nyali zinayi zofiira, kumtunda nyali zabuluu zoyaka motsatizana, ndipo paipi inkachoka pamenepo kukalowa mumfuti imene ankagwira m'manja. Makinawo, otchedwa proton pack, anawalinganiza Stephen Dane, ndipo anali ongoonetsera basi: mkati munali mawaya, mabatire ndi nyali. Komabe patha zaka zoposa 40 anthu akuwapangabe m'magalaja ndi m'zipinda zawo, n'kumakawavala pa zionetsero za cosplay, kumene munthu amadzikonza kuti afanane ndi wosewera wa mufilimu kapena wa m'buku la zithunzi.

Si chikwama chokhachi chimene amisiri amenewa amachikonda. Pali chouluka nacho cha Boba Fett wa mu The Empire Strikes Back ya 1980, chokhala ndi mzinga pamwamba. Pali cha The Rocketeer, filimu ya 1991 imene anaitsogolera Joe Johnston, yemweyo amene anathandiza kujambula Boba Fett. Palinso mapiko a Buzz Lightyear wa mu Toy Story. Zonsezi khalidwe lake n'limodzi: n'zazikulu, mkati n'zamphako, ndipo zili ndi tinyanga totulukira kunja tosachedwa kuthyoka. Pamsana zimakongola, koma mukatoni zimavuta. Ulendonso sizingauzembe, pakuti wopanga akhoza kukhala ku Britain, wogula ku Australia, chionetsero chili ku San Diego kapena ku Dragon Con mumzinda wa Atlanta.

Vuto lagona pa mmene makampani onyamula katundu amawerengera mtengo. DHL, FedEx ndi UPS sayang'ana sikelo yokha. Amayezanso katoni m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, amachulukitsa miyezo itatuyo ya masentimita, kenaka n'kugawa ndi 5,000 ngati katunduyo akupita kunja kwa dziko. Nambala yotulukapo amaiika pambali pa kulemera kwenikweni, ndipo yaikuluyo ndiyo mumalipira. Tiyerekeze chikwama cha makilogalamu 7 chimene, chikakhala chomangidwa kale, chikufuna katoni ya masentimita 75 ndi 50 ndi 40. Kampani idzakulipiritsani makilogalamu 30. Chikwama chomwecho chikamasulidwa n'kulowa mukatoni ya 65 ndi 40 ndi 25, mudzalipira makilogalamu 13. Makilogalamu 17 amene achokapowo sanali katundu ayi. Inali mphepo ya mukatoni imene wogula akanailipirira ndalama zake.

N'chifukwa chake ndikuti mmisiri wa zikwama zimenezi asamaweruzidwe ndi penti yokha. Anthu pachionetsero amatamanda zimene maso akuona: dzimbiri lopentedwa dala, mikwingwirima yoonetsa ngati chinthucho chagwira ntchito zaka zambiri, nyali zophethira pa nthawi yake. Zimenezo n'zofunika, ndipo zimafuna dzanja lodekha. Koma nzeru zenizeni za mmisiri zimabisala polumikizira, pamene diso la woonera silifika. Kalipentala wabwino amalidziwa phunziro limeneli: bedi amalimanga ndi mabawuti kuti lidutse pakhomo ndi kukwera lole tsiku losamuka, ndipo likamangidwanso kunyumba yatsopano siligwedera. Chikwama chomasuka chikufuna maganizo omwewo, ndipo ayenera kubwera pamene mmisiri adakali ndi pensulo papepala, osati ntchito itatha.

Amene anapanga proton pack yoyamba sankaganiza za positi, koma kamangidwe kawo kanasiya chitsanzo chabwino. Chikwamacho chili m'magawo atatu osanjikizana. Chokhudza msana ndi felemu ya ALICE, imene asilikali a ku America anayamba kunyamulira zikwama zawo m'zaka za m'ma 1970, ndipo malamba a paphewa ndi a m'chiuno ali pamenepo. Pafelemupo pamamangidwa chitsulo chafulati cha aluminiyamu chimene okonda lusoli amachitcha motherboard. Pamwamba pa chitsulocho pamakhala chigoba cha fiberglass, chimene ndicho anthu amaona. Mfuti siimatidwa paliponse: imangokolekedwa pambali, pambedza yooneka ngati chilembo V. Gawo lililonse lili ndi ntchito yake, ndipo mukamasula mabawuti ochepa felemu imachoka, katoni n'kutsika msinkhu nthawi yomweyo.

Funso lovuta ndi lakuti pogawa chikwama mudule pati. Yankho la amisiri odziwa ndi ili: dulani pamene mwini kujambula anadula kale. Chikwama cha mufilimu chili ndi mizere yakeyake, pamene bokosi lina lakumana ndi linzake, pamene paipi yalowa m'bowo, pamene lamba wachitsulo wadutsa. Polumikizira pakabisala mumzere woterowo, palibe angapaone. Mzinga wa Boba Fett umatuluka m'khosi la chikwama, choncho ukhoza kuzulidwa pakhosi pomwepo n'kubwezedwa osasiya chipsera. Kamkono ka pakona yakumtunda ya proton pack, kamene amakatcha ion arm, kali ndi kachitsulo kotulukira kunja kamene kamakola pazitseko ndi m'makatoni, ndipo n'koyamba kuthyoka. Kameneko kayenera kumangidwa ndi mabawuti ochokera mkati mwa chigoba, osati kumatidwa ndi guluu.

Ntchito imene imandikhumudwitsa ndi ya mmisiri amene wamaliza chikwama, waona mtengo wa positi, n'kutenga sowo kudula pakati pa malo osalala. Mzere umenewo subisika. Penti imatetemuka m'mbali mwake ulendo uliwonse chikamasulidwa, ndipo pakapita miyezi mpata umakula mpaka kuwala kwa nyali zamkati kumatulukira pamenepo. Gulu la 501st Legion, limene Albin Johnson anayambitsa mu 1997 ku South Carolina, limayendera chovala cha munthu aliyense wofuna kulowamo potsata ndondomeko yolembedwa ya mmene chovala cha mufilimu chinkaonekera. Kwa anthu osamala chotero, mzere umene mufilimu munalibe ndi chilema, ngakhale wapulumutsa ndalama zingati.

Lamulo lina likukhudza kulemera. Masiku ano maginito ang'onoang'ono a neodymium afala, ndipo amakopa amisiri chifukwa amagwira mwachangu popanda sipanala. Ali ndi malo ake: kutseka kachitseko ka batire, kugwira kachidutswa kokongoletsa, kukokera zigawo ziwiri kuti zikhale pamzere. Koma maginito amalimba pamene mukuwakoka molunjika, ndipo amatsetsereka mosavuta katundu akamawakokera cham'mbali. Chikwama chili pamsana chimakokeredwa pansi tsiku lonse, mwini wake akuyenda, akuwerama, akugundana ndi anthu. Phiko lodalira maginito okha lidzagwa pakati pa gulu. Kulemera konse kuyenera kutsikira pafelemu kudzera m'mabawuti, mbedza kapena mapaipi olowetsana. Maginito ntchito yake ndi kulondolera, osati kusenza.

Kachinthu kamene kamasiyanitsa mmisiri wosamala ndi wothamanga n'kakang'ono ngati njere ya chimanga. Bawuti ikalowa molunjika mupulasitiki imagwira ulendo woyamba ndi wachiwiri, koma kenaka mazinga amadyeka, bawutiyo n'kumangozungulira. Wodziwa ntchito amaboola bowo locheperako pang'ono, amaikapo kanati kamkuwa kokhala ndi mano kunja kwake, n'kukakanikiza ndi nsonga ya chitsulo chotentha chowotcherera mawaya. Pulasitiki imafewa, kanatiko kamamira pang'onopang'ono mpaka kufanana ndi pamwamba, ndipo ikazizira imakagwira zolimba. Kuyambira pamenepo bawuti imakumana ndi chitsulo chinzake, ndipo chikwama chikhoza kumasulidwa chaka ndi chaka osatopa. Mmisiri woteroyo amasankhanso mabawuti a saizi imodzi pachikwama chonse, kuti kasipanala kamodzi kakwanire, ndipo kasipanalako amakamata ndi tepi mkati mwa katoni.

Mawaya nawo ayenera kumasuka pamodzi ndi zigawo zake. Palibe phindu kuti mfuti ichoke pambedza pamene waya wake wawotchereredwa mkati mwa chigoba. Pamalire alionse a zigawo pakufunika pulagi, ndipo mapulagiwo akhale olowa mbali imodzi yokha, osiyana kukula kapena mtundu, kuti munthu wotopa usiku wa kuhotela asalowetse waya wa sipika pamalo a nyali. Batire likhale lotuluka mosavuta, chifukwa mabatire a lithium ali ndi malamulo akeake. Pandege, batire lapadera sililoledwa musutikesi yopita kunsi. Limayenda m'chikwama cha m'manja, ndipo loposa 100 Wh limafuna chilolezo cha kampani ya ndegeyo. Mmisiri amene wakwirira batire mkati ndi guluu wapatsa wogula vuto la pabwalo la ndege.

Kusankha zipangizo kumayenderanso ulendo womwewo. Fomu ya EVA, yomwe amapangiranso mapatapata, ndi yopepuka ndiponso siisweka, koma ikapanikizika masiku ambiri imasunga chidindo cha chimene chinaikanikiza. Fiberglass ndi yolimba koma imang'aluka m'makona katoni ikagwa. Pulasitiki ya PLA, imene makina ambiri a 3D amagwiritsa ntchito, imayamba kufewa kutentha kukafika cha m'ma 60 digiri, ndipo m'galimoto yotsekedwa padzuwa chigoba chikhoza kupindika. PETG ndi ABS zimapirira koposa. Mphako ya chigoba isayende yopanda kanthu: mfuti, mzinga ndi malamba zilowe mmenemo, chilichonse chitakulungidwa pachokha munsalu yofewa kuti penti isakhulane ndi inzake.

Komanso pali kulakwa kwa mbali inayo, ndipo sikuchepa. Amisiri ena akamva kukoma kwa katoni yaing'ono amagawa chikwama m'tizidutswa tambirimbiri. Polumikizira paliponse ndi malo ofooka, pamawonjezera kulemera kwa mabawuti, ndipo n'pomwe kugwedera kumayambira. Wogula amatsegula katoni n'kupeza mulu wa tizigawo topanda zizindikiro, tsiku la chionetsero n'kuthera pansi akufunafuna kabawuti kamene kagubuduzikira kunsi kwa bedi. Ngati munthu waitanitsa zigawo zosamaliza kuti akamate ndi kupenta yekha, imeneyo ndi nkhani ina, pakuti ntchitoyo waifuna mwini. Koma wogula chikwama chomalizidwa sanagule ntchito. Kwa iyeyo zigawo zikuluzikulu zikhale zowerengeka pa zala, chilichonse chilowe pamalo amodzi okha, ndipo pepala la zithunzi lomveka liyende nazo.

Ena amati nkhani yonseyi yatha ntchito, popeza lero mmisiri akhoza kugulitsa fayilo pa intaneti, wogula n'kusindikiza chikwama kwawo ndi makina a 3D. N'zoona kuti fayilo siilipira positi. Koma chikwamacho chikamalizidwa chidzayendabe: chidzalowa m'buti ya galimoto, chidzakwera basi, chidzakwera ndege, kumene makampani ambiri amalola sutikesi ya makilogalamu 23 ndi masentimita 158 mukaphatikiza mbali zake zitatu. Kumasuka kumathandizanso pokonza. Nyali ikapsa m'chikwama chomatidwa, muyenera kuswa chigoba. M'chikwama chomasuka mumangomasula mabawuti, n'kusintha nyaliyo.

Kwa wachinyamata wa ku Lilongwe kapena ku Lusaka amene lusoli lamukoka mtima, masamu a katoni aja amaluma kwambiri. Maiko athu alibe doko la panyanja yamchere, katundu wotere amabwera pandege, ndipo msonkho wa pachipata umawerengedwa pamtengo wa chinthu kuphatikizapo ndalama yonyamulira. Choncho mphepo ya mukatoni imalipiridwa kawiri. Ndipo wofuna kukaonetsa ntchito yake ku Comic Con Africa, imene yakhala ikuchitika ku Johannesburg kuyambira 2018, ayenera kuganiza za mmene chikwama chake chidzakhalire kunsi kwa basi pakati pa masutikesi a anthu ena.

Chikwama chabwino, tsono, ndi chimene chakwanitsa zinthu zitatu nthawi imodzi. Chikamangidwa, woonera asadziwe pamene chimagawikira. Chikaberekedwa tsiku lonse, chisagwedere kapena kupweteka msana. Chikafika kwa mwini wake, achimange yekha osaimbira foni wopanga. Mmisiri amene wakwanitsa chimodzi kapena ziwiri zokha ntchito sanaimalize, ngakhale penti yake ikhale yokongola chotani. Inu ogula, musakhutire ndi chithunzi cha kutsogolo: pemphani kuona chikwamacho chitamasulidwa, funsani kukula kwa katoni yake ndi chimene chikusenza kulemera. Inunso opanga, jambulani katoniyo tsiku lomwe mukujambula chikwama.