Ulysses wa Tennyson ndi Mkazi Wosachulidwa Dzina

Mwa ndakatulo za Cingelezi zimene ana a sukulu aloweza pamtima, ziri zowerengeka zimene zitenthetsa mtima wa mnyamata monga "Ulysses" ya Alfred Tennyson. Iri ndi mizere 70 yokha, koma woiwerenga pofika pa mzere wotsiriza amva ngati mpando wace wamera minga, nalakalaka kumanga katundu tsiku lomwelo. Mphamvu yotere iyenera kuyesedwa mosamala, pakuti ndakatuloyi ikamba za mwini banja amene watopa ndi pakhomo pace, ndipo ambiri a iwo oiwerenga ali pafupi kumanga mabanja ao.

Mbiri ya Ulysses inacokera kwa Homer, mlakatuli wakale wa Agriki. Ulysses anali mfumu ya cisumbu ca Ithaca. Anasiya mkazi wace Penelope ndi mwana wakhanda dzina lace Telemachus, namuka ku nkhondo ya ku Troy kumene anatha zaka 10, ndipo pobwerera anasocera pa nyanja zaka zinanso 10. Homer asimba kuti zaka 7 mwa zimenezi anazithera pa cisumbu ca Calypso, kumene sanasowe kanthu, koma masiku onse anali kukhala pa gombe ndi kulira cifukwa ca kupukwa kwao. Penelope nayenso anali pa nkhondo yaceyace. Amuna 108 anadzaza m'nyumba mwace namuumiriza kuti asankhe mmodzi wa iwo. Iye anawauza kuti abayembekeza kufikira atatsiriza kuomba nsaru yodzakulungamo mtembo wa apongozi ace. Usana anali kuomba, usiku namasula zimene anaomba, ndipo anawacedwetsa motero zaka 3.

Tennyson ayamba pamene Homer analekeza. Ulysses wafika kwao, wakhala kanthawi, ndipo kwamkola. Adandaula kuti nchito yace yatsala ya kuweruza mirandu ya anthu osamzindikira, nadziyerekeza ndi citsulo cimene cicita dzimbiri posagwiritsidwa nchito. Tsono apereka ufumu kwa Telemachus, naitana amalinyero ace okalamba kuti akwere naye m'ngalawa ndi kulunjika kumadzulo kufikira imfa.

Luso la mlakatuli silikayikitsa. Pamene Ulysses anena za kwao, mau ali afupiafupi ndi ouma, onga mapazi a munthu wokoka miyendo. Pamene atembenukira ku nyanja, mizere itambasuka niyenda ngati mafunde, ndipo wowerenga aona dzuwa likulowa, mwezi ukukwera, ngalawa iri cire pa dooko. Palinso cifukwa cace ca kutentha kwa mauwo. Tennyson analemba ndakatuloyi mu October 1833, atangomva za imfa ya bwenzi lace la pamtima Arthur Hallam, amene anamwalira mwadzidzidzi ku Vienna mwezi wa September. Inasindikizidwa mu 1842. Mwini wace anati pambuyo pace kuti m'menemo anaikamo mtima umene anali nao wa kufuna kupita patsogolo ndi kulimbana ndi moyo. Kwa munthu wothyoka ndi cisoni, ndakatuloyi iri mankhwala enieni.

Koma pamene anailemba anali wa zaka 24, wosakwatira, pakuti ukwati wace unacitika mu 1850. Cisoni anacidziwa, koma banja anali asanalilawe, ndipo ici cioneka m'ndakatulomo. Penelope, amene anasunga nyumba zaka 20, sachulidwa dzina konse. Ulysses amkumbuka kamodzi kokha, pa mzere wacitatu, ndipo cimene aona pa iye ndi ukalamba basi, ngati kuti mwini waceyo sanakalambe. Telemachus apatsidwa mizere 11 ya ciyamiko, koma ciyamiko cace ncozizira, conga kalata ya umboni imene bwana alembera kalaliki wosacedwa pa nchito. Munthu uja analira pa gombe la Calypso kufuna kwao tsopano alira ali kwao kufuna gombe lina.

Ulendo wotsirizawu suli mwa Homer. Tennyson anautenga kwa Dante, mlakatuli wa ku Italy, amene mu cigawo ca 26 ca buku lace "Inferno" aonetsa Ulysses ali m'lawi la moto ku gehena. Kumeneko Ulysses abvomereza yekha kuti cikondi ca pa mwana, ulemu wa kwa atate wace okalamba ndi mangawa a kwa Penelope sizinakhoze kumletsa. Asimbanso mathero ace: itapita miyezi 5, kabvumvulu anamiza ngalawa pamodzi ndi onse anali m'menemo. Tennyson anasunga kulimba mtimako nasiya mtengo wace, angonena mopitirira kuti kapena madzi adzawameza.

Mzere wotsiriza wa ndakatuloyi unalembedwa pa mtanda umene unaimikidwa mu 1913 ku Antarctica, dziko la cisanu la kumwera kwenikweni, pokumbukira Robert Falcon Scott ndi anzace amene anafera komweko mu 1912. Ulemu umenewo unawayenera. Koma Scott anasiya mkazi wace Kathleen ndi mwana wa zaka 2, ndipo m'ndakatulo monsemo mulibe mzere umene ukadayenera kulembedwa pa khomo lao.

Wowerenga wa kuno sasowa womfotokozera zimenezi. M'masiku a atsamunda amuna ambiri anamuka ku Harare, ku Joni ndi ku Migodi. Ocuruka anapirikitsidwa ndi msonkho ndi umphawi, ndipo sayenera kuweruzidwa. Koma analiponso ena amene msonkho utalipidwa sanabwerere, cifukwa kumudzi kunawaonekera kozizira, nasanduka macona. Akazi amene analima okha minda zaka ndi zaka anaidziwa nsaru ya Penelope osawerenga Homer.

Kulakalaka zacilendo si cimo. Kalaliki wolemba m'kaundula yemweyo kuyambira Lolemba kufikira Loweruka adziwa kulema kwa masiku ofanana. Colakwa ca Ulysses ndico kuyesa kuti kulemako nkwa iye yekha. Penelope anaona masiku ofanana zaka 20, ndipo pa tsiku la ulendo panalibe womfunsa ngati iyenso afuna kuona tsidya lija la nyanja.

Cifukwa cace ndakatuloyi iyenera kuwerengedwa kawiri. Poyamba wowerenga aime m'ngalawa pamodzi ndi Ulysses, namve kukoma kwa mphepo. Kaciwiri aime pa gombe pamodzi ndi nkhalamba ija yosachulidwa dzina, nayang'ane thanga la ngalawa mpaka litazimirira. Akatero adzadziwa funso loyenera kulifunsa asanamange katundu wace: kodi pakhomo patsala yani, ndipo wabvomera kodi?