Wochimwa wa m'nkhani zathu amalapa msanga

Mlembi watsopano wa nkhani zopeka zachikhristu akamapita ku msonkhano wa alembi amanyamula mafunso a ndalama: ndani angandisindikizire buku, pafunika makwacha angati, nanga ku mabungwe a MAWU ndi COSOMA amalowa bwanji. Mafunsowa ngofunika, koma phindu lenileni la msonkhano lili pa nthawi ija munthu amauzidwa kuti aimirire, awerenge zomwe walemba anzake akumvetsera. Apo mpomwe matenda a zolemba zathu amaonekera, ndipo kwa ife olemba zachikhristu nthendayo ndi imodzi. Wochimwa wathu amalapa msanga, amalapanso mosavutikira.

Kayendedwe kake tonse timakadziwa. Tsamba loyamba mnyamata ali pa kachasu, lachitatu wachita ngozi, lachinayi abusa atulukira kuchipatala Baibulo lili kukhwapa, lachisanu misozi ili chuchuchu. Omvera amayamba kusuzumira pa foni tsamba lachiwiri lisanathe. Sikuti amadana ndi uthenga, ena mwa iwo ndi akulu a mpingo. Angodziwiratu kumene nkhani ikupita, ndiye palibenso chowasunga.

Chodabwitsa nchakuti amene adatitsogolera sadalembe chonchi. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, adalemba Nthondo, buku lomwe lidapambana mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London mu 1933. Chaka chotsatira T. Cullen Young adalitulutsa m'Chingerezi pa mutu wakuti Man of Africa. Bukuli ndi lachikhristu ndithu, mwini nkhani amatembenuka mtima. Koma Nthara adayamba naye pa kubadwa, nayenda naye m'moyo wa pamudzi, m'milandu, m'kuba ndi m'mabodza ake, ndipo kutembenukako kumafika kumapeto, owerenga atakhala naye nthawi yaitali mpaka kumuzolowera ngati mnansi wovuta. Ena amati mathero akewo akununkha dzanja la amishoni, ndipo mwina sakunama. Komabe buku lonse silidalira matherowo. Mutawachotsa, Nthondo akhalabe munthu. Yesani kuchotsa tsamba la abusa m'nkhani zathu zambiri za lero, muona kuti sipatsala kanthu.

Mlembi wa kuno kwathu ku Mlangeni alibe chifukwa chobwerekera tchimo ku mafilimu a ku Nigeria. Kuno Chikhristu nchakale, mishoni ya Mlanda ya sinodi yomweyo ya Nkhoma idayamba mu 1902, ndipo anthu ambiri omwe tingawalembe ndi obatizidwa kale. Nkhani ya chidakwa chosadziwa Mulungu si imene ili pakhomo pathu. Ili pakhomo ndi ya mkhristu amene akudziwa zonse koma ali ndi ngongole ya feteleza.

Tiyerekeze mayi wa Chigwirizano, tingomutchula kuti Anangozo, wogulitsa mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu wa M1. M'mawa kukuzizira, akudzaza ndowa. Pansi akuika ting'onoting'ono ndi zobooledwa ndi khasu, pakati zapakatikati, pamwamba zikuluzikulu zosalala, nkuziunjika bwino kuti za pamwambazo zioneke ngati zikufuna kugwa. Galimoto ikaima amathamangira: "Tatsikani muone bwana, yokumba lero iyi, ndikuikirani basela." Wogulayo akupita ku Lilongwe, akakhuthula ndowayo kunyumba, sadzabweranso. Ndani walakwiridwa? Aliyense pamsikapo amatero. Mayiyu si mfiti, amaphikira odwala, pamaliro ndiye woyamba kufika. Tsono tsiku lina watembenuka, waona mwana wake wamkazi wa Sitandade 5 akudzaza ndowa yachiwiri, zazing'ono pansi, zazikulu pamwamba, manja akuthamanga kuposa a mayi ake, ndipo palibe adamuphunzitsa ndi pakamwa.

Apa mlembi wosaleza mtima amalowetsa vesi. Asatero. Angotionetsa chimene manja a mayiyo achita pamene waona zimenezi, kenaka atitengere ku mawa lake, chifukwa kulapa kuli ndi mtengo ndipo mtengowo uyenera kuoneka. Akasakaniza mbatata mwachilungamo, ndowa yake ioneka yonyozeka pakati pa za anzake. Magalimoto aipitirira. Mnzake wa pambali amuseka: "Anangozo, mwayamba liti kugulitsira angelo?" Madzulo ndalama ya ndiwo yaperewera, bambo kunyumba afunsa. Kodi mkucha adzapirira? Owerenga akafika pofunsa yekha funso limeneli, ndiye kuti nkhani yagwira.

Mbali ina ndi ya chilankhulo, ndipo iyi imamveka bwino nkhani ikamawerengedwa mokweza pagulu. Tidakulira m'Chichewa cha Buku Lopatulika la 1922, ntchito ya William Murray ndi anzake, ndipo kamvekedwe kake kadatilowa m'magazi. Nchokoma pa guwa. Vuto limabwera pamene kondakitala wa minibasi m'nkhani yathu wayamba kuyankhula ndi "pakuti" ndi "taonani", kapena pamene wapolisi wophunzira pa sukulu ya apolisi ya pa Mlangeni akufunsira mbeta ngati akuwerenga kalata ya Paulo. Mwinanso choipa kwambiri nchakuti timapatsa oipa Chichewa cha mumsewu, abwino nkuwapatsa cha m'Baibulo, kotero munthu akangotsegula pakamwa tadziwa kale mbali yake. Anangozo ayankhule Chichewa chimodzi pamsika ndi popemphera, cha ku Ntcheu chomwechi. Pemphero lake likhale lalifupi, losalongosoka, mwina lokwiya.

Pa msonkhano sipalephera munthu wokweza dzanja nkufunsa kuti nanga uthenga uli pati, tikapanda kuunena poyera anthu aumva bwanji. Funsoli si lopusa, ndipo wofunsayo kawirikawiri ndi amene amagula mabuku ku CLAIM kuti akagawire achinyamata a kumpingo. Yankho lili m'Baibulo momwemo. Buku la Estere silitchula dzina la Mulungu ngakhale kamodzi, koma palibe amene amaliwerenga nkuganiza kuti Mulungu mulibemo. Fanizo la mwana wolowerera pa Luka 15 limatha mkulu wake akadali panja, bambo akumudandaulira, ndipo sitiuzidwa ngati adalowa m'nyumba kapena ayi. Mlembi wa lero akadamulowetsa, nkuwakumbatiritsa, nkuimbitsa kwaya.

Ndipo taonani m'mene mneneri Natani adachitira ndi Davide pa 2 Samueli 12. Natani adali ndi mlandu wa Davide wa chigololo ndi kupha m'manja, koma adafika ndi nkhani ya munthu wosauka ndi kamwana ka nkhosa kake kamodzi, kamene kankadya naye ndi kugona pachifuwa pake. Adakafotokoza kankhosako mpaka mfumu idakakonda, idapsa mtima, niweruza mlandu isakudziwa kuti ikudziweruza yokha. Natani akadayamba ndi dzina la Uriya wophedwayo, alonda akadamutulutsa asanamalize.