Msampha wa Waya, Tikutchula Mayina Ako

Wambani ng'oma pa moto, anyamata. Matani phula pa mbalule, mpanje ayambire pansipansi ngati mvuu ikulira ku thamanda. Gu! Gu-gu! Ndi-ndi-ndi, gu!

Senderani kuno, inu a kwa Kakumbi ndi a kwa Mnkhanya. Khalani pansi, a kwa Jumbe ndi a kwa Malama, a kwa Msoro ndi a kwa Gogo Nsefu, ana a Mambwe nonse amene mumamwa Luangwa ndi Lupande. Mkango timautamanda ngakhale watidyera mbuzi, pakuti mwana akamva mayina ake amadziwa pobisala. Lero titamanda chilombo china choposa mkango, chopanda mano, chopanda phazi loti mulonde. Tichitchula mayina onse kuti chisowe pobisala.

Ana athu amaunjikana pa kanema ku Mfuwe kuonera nthano za m'mlengalenga. Chigawenga chatchera, chitseko chatsekeka, makoma akuyandikana, ngwazi ikukuwa. Chithunzi chithera pomwepo, koma sabata yamawa ngwazi ija imatuluka ili yamoyo, ana n'kuwomba m'manja. Ku tchire lathu kulibe sabata yamawa. Amene walowa khosi m'khwekhwe, nthano yake yathera pomwepo.

Gu! Gu-gu! Ndi-ndi-ndi, gu!

Iwe Msampha wa Waya! Kachetechete, mdani wosaomba! Gogodela imalira, mapiri a Muchinga n'kuyankha, agemu n'kudziwa kolowera. Iwe sulira. Umakhala pa mkwaso wa nyama ngati mpesa wouma, mutu wako wamangidwa ku tsanya, kamwa lako lili yasa kuyang'ana njira ya kumadzi. Wodikira wosatopa, mlonda wa usiku wosaodzera, amene dzuwa silimupsereza, mame samuoletsa.

Mwana wa njinga, mdzukulu wa mpanda! Unabadwa uli chingwe cha mabuleki, unali kuimitsa njinga ya bambo wonyamula thonje pa chitsikitsiki. Unali waya wa mpanda wamagetsi wotchinga njovu kumunda kwa amayi. Anakudula usiku, anakupinda, anakupota mfundo yothamanga. Wopulumutsa anasanduka wakupha. Makolo ako anali a luzi ndi a khonje, khwekhwe la mlenje wa kale limene mvula ikagwa kawiri linkaola, nyama n'kudutsa. Diwa linkagwera mbewa imodzi. Mbuna inkafuna khasu ndi thukuta la amuna ambiri. Iwe ndiwe wopepuka, munthu mmodzi amakunyamulani ambirimbiri m'thumba la ufa, ndipo mwini wako akamwalira umapitiriza kumusakira.

Gu! Gu-gu! Mbalule alankhule!

Mnzake wa Okutobala, bwenzi la chilimwe! Dzuwa likafika madigiri 40 ndi kupitirira, matamanda aphwa, matope ang'ambika, Luangwa wasanduka mchenga ndi maiwe a mvuu, pamenepo ndiye pa ukwati wako. Nyama zonse zili ndi njira imodzi, ya kumadzi, ndipo iwe wakhala kale pa njirayo. Ludzu ndiye nkhoswe yako, limakubweretsera alendo osawaitana.

Sasankha! Ndilo dzina lako lalikulu. Anakutchera mbawala, iwe wagwira fisi m'chiuno. Anakutchera njiri, iwe wagwira mkango pakhosi. Anakutchera njati, iwe wakola mwendo wa nyamalikiti, kadyansonga wa Thornicroft amene dziko lonse lapansi alibe mudzi wina koma chigwa chino. Sufunsa mfunda, sufunsa ngati ili ndi bere, sufunsa ngati ili ndi ana ku una. Mimbulu, agalu am'tchire othamanga pagulu, imalowa m'mizere yako ikuthamangitsa nswala, ndipo mmodzi akatsala gulu lonse lalemala.

Mdulachitamba! Njovu imafufuza ndi chitamba, imanunkhiza, imamwera, imasisita mwana wake ndi chomwecho. Iwe umachigwira. Ikakoka umalowa, ikakokanso umalowanso, mpaka mphuno ija yaduka. Taiona njovu ya chitamba chachifupi itagwada pa madzi ngati munthu wopepesa mlandu umene sanapalamule. Mphamvu ya nyama ndiyo mpeni wako. Ukali wake ndiwo umamanga mfundo yako. Wofooka umamupha msanga, wamphamvu umamupha masiku ambiri, bala likununkha, ntchentche zitamanga mudzi.

Mdyetsa miimba, wophikira mphutsi! Wokutchera amaopa agemu, sabwera kudzaonja tsiku ndi tsiku. Nyama imafa Lolemba, iye afika Loweruka, apeza chikopa ndi fungo. Mphika wa kunyumba uli gwa, ana akudya nsima ya mchere, nyama yaolera pa tsinde la mtengo. Wakuba wosadya, wolanda wosapatsa, amene amabera tchire ndi mudzi tsiku limodzi.

Gu... gu... Tsitsani manja, oimba, pano tinene chapansipansi.

Mwana wa Njala, tikumudziwa mayi wako. Sitinama pamaso pa mafumu. Taona njovu zikulowa m'munda usiku umodzi n'kumaliza chimanga cha chaka chonse. Taona nkhokwe itapasulidwa, mango atathyoledwa, mayi atagwira m'mutu kukucha. Taika maliro a anthu amene anakumana ndi njovu pa njira ya kumunda, ndi amene ng'ona inawatenga potunga madzi. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachitcha tsoka la dziko lonse, chinapsereza mmera m'minda yambiri. Bambo wopanda ndiwo, wopanda ya fizi, wopanda ya sopo, akayang'ana tsidya la mtsinje amaona nyama zonona, ndipo iwe umamunong'oneza kuti ndiwe m'bale wake.

Wabodza wa mawu okoma! Nkhuyu yofiira kunja, m'kati muli nyerere! Umalonjeza ndiwo, umapereka unyolo. Lamulo la nyama zam'tchire la 2015 lili maso, ndipo mlandu suola. Bambo akalowa m'ndende, munda umamera tsekera, mwana amasiya sukulu, mayi amasenza denga yekha. Nyama yowamba imakwera galimoto kupita ku Chipata ndi ku Lusaka, wogula wa m'tauni amadya ali pa mpando, wotchera wa kumudzi ndiye amagona pa simenti. Wogwira mwini! Khosi lomaliza limene umalimanga ndi la amene anakupota. Choipa chitsata mwini.

Ndipo tisaiwale chipembere. Sunamumalize wekha, mfuti za ofuna nyanga ndizo zinatsogola, koma nonse ndinu a nyumba imodzi. Chigwa chino chinali mudzi wake. Pofika 1998 Zambia inalengeza kuti watha. Mu 2003 anachita kumubweretsa pa ndege kuchokera ku South Africa kukamuika ku North Luangwa, ngati mlendo m'dziko la makolo ake. Kuno kwatsala dzina lokha, limene ana athu amaliwerenga pa chikwangwani cha Chipembele kumene amaphunzira za nyama. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa mkango.

Tsopano tembenuzani ng'oma! Gunda alowe, akazi alulute! Ndi-ndi gu! Ndi-ndi gu! Mayina a mdani atha, tiyambe mayina a omumasula.

Inu masikauti, ana a m'midzi yathu yomwe ino! Oyenda dzuwa lili paliwombo, ogona pa mchenga mkango ukulira chapafupi! Maso a nkhwazi, oona waya pamene ife tiona udzu! Owerama pa mkwaso uliwonse, osanthula chitsamba ndi chitsamba m'dera la Lupande ndi m'nkhalango ya South Luangwa, imene inakhala paki mu 1972, ya masikweya kilomita 9,050 m'bwalo lake lonse. Dziko lalikulu chotero mumalipima ndi mapazi. Mumabwera madzulo mapewa atalemedwa ndi mikombero ya waya, ndipo mkombero uliwonse ndi khosi limodzi limene lidzaona mvula. Inu a nthambi ya boma yoona za nyama, inu otumidwa ndi mabungwe a m'midzi ya mafumu, inu a Conservation South Luangwa amene munayamba mu 2003, landirani ng'oma iyi.

Bambo Benson Kanyembo, mkulu wa m'tchire, mphunzitsi wa masikauti! Phazi lolimba, mtima wosagulika! Mu 2019 London inaimirira kukupatsani mphoto ya Tusk, ife kuno tinali titakuimirirani kale. Mayi Rachel McRobb, wouma mutu pa chabwino, amene anaona bala la waya n'kukana kutembenuka! Dokotala Mwamba Sichande, sing'anga wa zilombo, wolasa kuti achize! Muvi wanu ndi wa tulo. Mkango ugona, inu mugwada pambali pake, muuphimba kumaso, mudula waya ndi pulayala, mutsuka bala, mubaya mankhwala, mubwerera m'mbuyo. Chilombo chidzuka, chidzandira, chilowa m'tchire chili mfulu. Sichithokoza, ndiye tikuthokozerani ndife.

Gu! Gu-gu! Lululu!

Mayi Thandiwe Mweetwa, mwana wokulira ku Mfuwe, mbusa wa mikango! Mtsikana amene anaphunzira mpaka mikango inamudziwa fungo! Ndi anzake a Zambian Carnivore Programme ankaveka mikango ndi mimbulu makolala a wailesi, ankaitsata tsiku ndi tsiku, ndipo imodzi ikayamba kutsimphina ankaitana dokotala bala lisanafike pa fupa. Mu 2016 National Geographic inamutchula dzina pakati pa ofufuza a dziko lonse. Atsikana a kwa Kakumbi, mwamuona? Tchire si la amuna okha.

Ndi inu agalu a mphuno zakuthwa, amene munayamba ntchito m'chigwa chino mu 2014! Onunkhiza pa msewu wa ku Chipata, opeza nyama yowamba pansi pa matumba a makala, opeza mfuti ndi minyanga pamene munthu wadutsa osaona! Galu wa mlenje ankathamangitsa nyama, inu mumaitchinjiriza. Nanunso ng'oma ikukutchulani.

Koma ng'oma yaikulu, imbani mwamphamvu, ndi ya uyu: bambo amene anatchera zaka zambiri, tsiku lina n'kusonkhanitsa mawaya ake onse ndi gogodela yake, n'kukazitula pamaso pa anthu. Ngwazi yogonjetsa dzanja lake lomwe! Wolimba mtima woposa wopha njati! A COMACO, amene Dale Lewis anayambitsa mu 2003, anamulandira, anamuphunzitsa kulima mtedza, soya ndi mpunga, kupachika ming'oma ya njuchi, n'kumugula zokolola. Lero uchi wake ndi chiponde chake zili m'masitolo a m'tauni ndi dzina la It's Wild! Amagona m'nyumba mwake, galimoto ikalira usiku sathawira kuseri. Mwana wa Njala amafa mayi wake akafa. Mukafuna kupha msampha, dzazani nkhokwe.

Tamandani alimi ofukiza tsabola m'mphepete mwa minda kuti njovu ibwerere yokha popanda magazi. Tamandani Gogo Nsefu wa kale, amene mu 1950 anamvana ndi Norman Carr kupatula dziko kuti alendo adzaone nyama zamoyo, ndalama zake zilowe kwa eni nthaka. Mbewu imene anadzala ija ndiyo ikudyetsa operekeza alendo, ophika, oyendetsa galimoto, osoka ndi osema lero. Mkango wamoyo umalipira fizi chaka ndi chaka. Mkango wa m'khwekhwe umadyetsa miimba tsiku limodzi. Ndipo inu akuluakulu ogawa ndalama za nyama, ng'oma ikukupenyani: gawo la mudzi lifike ku mudzi, pa nthawi yake, pakuti mayi amene njovu yamudyera munda sangadye malonjezo.

Gu... gu-gu... Bwererani pansi, oimba, tikamuone mdani kumene wathera.

Iwe Msampha wa Waya, Kachetechete, Sasankha, Mdulachitamba, uli kuti tsopano? Takupeza ku Mfuwe, pa tebulo la amayi a Mulberry Mongoose. Akudula, akusula ndi nyundo, akupalapala mpaka wawala, akuphatikiza ndi mikanda ndi njere za m'tchire. Wasanduka chibangili, wasanduka ndolo, wasanduka mkanda wa m'khosi. Unkamanga khosi kuti mpweya uthe, lero wakhala pa khosi la munthu amene akupuma ndi kuseka. Ndalama yako yagula ufa wa amayi okusula, ina yabwerera kwa masikauti kuti akazule abale ako otsala. Wagwidwa, wogwira. Wamangidwa, womanga.

Koma abale ako akadali m'tchire usiku uno, makamwa ali yasa pansi pa tsanya. Ndiye ng'oma iyi sitiipachika. Mnyamata amene wamva mayina awa, ukaona waya pa mkwaso, usadutse, kauze masikauti. Mayi amene wamva, nyama yowamba ikabwera pakhomo usiku, funsa kumene yachokera. Mfumu imene yamva, itanani bwalo. Amalume amene muli ndi mawaya pansi pa mphasa, tikukudziwani, ndinu athu, bwerani nawo masana, tidzakuvinirani.

Mvula ikubwera. Luangwa adzadzaza, matamanda adzabwerera, msikizi udzaphuka. Kum'bandakucha ngoma ya nyanga zopotana idzatsika pa mkwaso uja, idzaima, idzanunkhiza mphepo, idzadutsa pa tsinde la tsanya pamene msikauti anawerama dzulo. Idzafika pa madzi, idzamwa, idzakweza mutu.

Gu! Gu-gu! Gu.